Mafunso ndi mayankho: makalabu, masewero ndi maudindo a ana pasukulu yathu

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe makolo amatifunsa mobwerezabwereza. Ena amatuluka pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, ena amatipeza pamsika tikugula tomato, ndipo ena amabwera ndi mayi amene waima pakhomo la ofesi khasu lili paphewa, nkhope itakwinyika. Sukulu yathu ndi ya pulayimale, ili m'boma la Kasungu chakumadzulo, dera la fodya, kufupi ndi nkhalango ya nyama. Woyankha ndine mphunzitsi woyang'anira makalabu, amene ana amangoti a patironi.

Lachitatu mwana wanga amachedwa kufika kunyumba. Amatsalira chiyani anzake ataweruka?

Lachitatu ndi tsiku la makalabu, Lachisanu ndi la masewero. Tili ndi kalabu ya zachilengedwe, ya Edzi Toto, yowerenga mabuku, ya zisudzo ndi ndakatulo, kwaya, magule ndi mtsutso. Mwana amasankha yekha, ndipo teremu ikatha akhoza kusintha. Ana a sitandade 1 ndi 2 satsalira, amaweruka nthawi yawo yamasiku onse.

Timamaliza dzuwa likadali m'mwamba chifukwa ena amachokera kutali. M'dzinja mitambo ikangoyamba kuda timawamasula, popeza madambo athu sachedwa kudzaza. Tsono mwana akakufikirani kutada n'kunena kuti anali kukalabu, musangomukhulupirira. Bwerani mudzaone kaundula. Alipo ena amene kalabu yawo imakumana kumavidiyo pamsika.

Kodi zimenezi zimabwera pamayeso a MANEB? Ngati sizibwera, mwana akutayiranji nthawi?

Funso ili ndi limene limabwera kawirikawiri, ndipo silolakwika. Kholo lililonse limafuna kumva dzina la mwana wake pa osankhidwa kupita ku sekondale.

Choyamba, zina zimabweradi. Zaluso ndi maluso a moyo zimafunsidwa pamayeso a sitandade 8, ulimi nawo ulipo, ndipo mwana amene wazolowera kuima pamtsutso n'kumanga mfundo zake savutika kwambiri polemba chimangirizo.

Koma chifukwa chachikulu ndi china. Chiyambire 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira kusukulu: kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Zinali zabwino, komabe makalasi anadzaza ndipo mpaka lero sanapepuke. Mphunzitsi akaima kutsogolo kwa ana opitirira 100 atakhala pansi mothithikana, amamva mawu a omwe ali kutsogolo ndi a ochenjera ochepa okweza mkono. Kamtsikana kokhala kukona kakhoza kutha chaka chathunthu osatulutsa liwu. Kukalabu timakhala ochepa, pansi pa mtengo, ndipo aliyense imamufika nthawi yake yolankhula. Ineyo ana ambiri ndawadziwira kumeneko. Mnyamata wina amene tinkamuyesa mbuli chifukwa chobwereza sitandade 5, tinadzapeza kuti ndi amene ankakonza mawailesi a m'mudzi mwawo.

Ndipo ife a ku Kasungu sitifunika kupita kutali kukafuna chitsanzo. William Kamkwamba wa ku Wimbe anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ija ya 2001 ndi 2002. Chimene chinamugwira dzanja ndi kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale ya Wimbe. Anabwereka mabuku a sayansi, Chingerezi chake chili chopereŵera, n'kumatsatira zithunzi, mpaka anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakutha, dayinamo ndi mitengo ya bulugamu, ali ndi zaka pafupifupi 14. Palibe anamufunsa zimenezo pamayeso. Sindikunena kuti mwana aliyense adzakhala Kamkwamba, ndikungoti shelefu ya mabuku ija ikanakhala yokhoma, nkhani yonseyi sibwenzi ilipo.

Kodi pali ndalama yolipira kuti mwana alowe kalabu?

Ayi. Wina akakuuzani kuti kalabu ili ndi fizi, kanenezeni kwa a hedi kapena kwa wapampando wa komiti ya sukulu. Ndalama yotukulira sukulu imene boma limatumiza chaka ndi chaka ndi yochepa, ndipo imathera pa choko, makope ndi kukonza zimbudzi, choncho mpira umodzi timausoka mpaka wosoka atatopa nawo. Kukakhala ulendo wofuna galimoto, nkhaniyo imayamba yakambidwa ndi makolo, ndipo wopereka amalandira lisiti. Mwana sabwezedwa kusukulu chifukwa kholo lake silinasonkhe.

Mapulifekiti amasankhidwa bwanji? Mwana wanga ndi wanzeru koma sanasankhidwe.

Kale aphunzitsi tinkangoloza anyamata akuluakulu a mawu okhuthala, kuti anzawo aziwaopa. Tinasiya. Tsopano ofuna udindo amalembetsa maina, amalankhula paasembule, kenako anzawo amavota. A m'makalasi akuluakulu amalemba pakapepala. Aang'ono amene kulemba sikunakhazikike amalowa mmodzimmodzi n'kuponya njere ya chimanga m'chitini cha amene amufuna. Kuwerenga kumachitika poyera, ana akuona. Aphunzitsi timangoyang'ana kuti wopikisana asakhale wojombajomba kapena wovutitsa anzake, komanso kuti atsikana ndi anyamata akhale ofanana pamaudindo.

Zisankho za ana sizisiyana kwenikweni ndi zathu akuluakulu. Chaka china mnyamata wina analonjeza kuti akapambana aliyense azilandira makapu awiri a phala. Anapambanadi. Sabata isanathe anzake ankamutsatira ndi makapu m'manja.

Nzeru za m'kalasi ndi chinthu china, kukhulupiriridwa ndi anzako ndi chinanso. Mwana wanu ayesenso chaka chamawa. Ndipo dziwani ichi: pulifekiti kapena monitala alibe mphamvu yomenya mnzake kapena kumupatsa chibalo. Ntchito yake ndi kuimba belu, kuyang'anira mizere ya phala, kuona kuti pabwalo pasesedwa ndi kukanena kwa mphunzitsi pakavuta.

Mwati ana ali ndi khonsolo yawo yodandaulira. Kodi simukuwaphunzitsa mwano?

Agogo ena anandifunsa zimenezi pamaso pa anthu, n'kuwonjezera kuti masiku awo mwana ankalankhula akafunsidwa basi. Ndinawayankha kuti ndiye n'zomwezo, kusiyana kwake n'koti ifeyo tsopano timawafunsa.

Kalasi iliyonse kuyambira sitandade 3 imatumiza mtsikana ndi mnyamata. Amakumana kamodzi pamwezi, ndipo zomwe agwirizana amakazitula kwa a hedi mwaulemu wake, atapempha kaye mpata. Zina zimene amabweretsa ndi zachibwana, monga kufuna kuti Lachisanu kusamakhale masamu. Koma zina zimatichititsa manyazi. Kwa zaka zingapo tinkadabwa kuti atsikana akuluakulu amasowa ikakwana nthawi yopuma ndipo sabwereranso. Tinkati ndi ulesi. Khonsolo ndi imene inatiuza kuti khomo la chimbudzi chawo linayang'ana kubwalo la mpira kumene anyamata amakhala, ndipo chitseko chinathyoka kalekale. Ife aphunzitsi tili ndi chimbudzi chathu, tikanazidziwa bwanji? Makolo anabwera ndi udzu ndi nsungwi, n'kumanga mpanda tsiku limodzi.

Palinso bokosi la madandaulo, la nkhani zimene mwana sangathe kunena pagulu. Silitsekulidwa ndi munthu mmodzi: pamakhala mphunzitsi wamkazi ndi mayi wa gulu la amayi a pasukulu. Nkhani ikakhala ya nkhanza kapena kugwiriridwa, sithera muofesi mwathu, imapita kupolisi ndi kwa a zachitetezo cha ana. Ana onse timawaphunzitsanso nambala ya foni yaulere ya 116, yokanenera nkhanza zochitira ana.

Dimba la sukulu lija, kodi ana sakulimira aphunzitsi?

Apa ndiyankha mosabisa, chifukwa kukayika kwanu kuli ndi pochokera. Ambiri a ife tinakula tikutumidwa kukapalira munda wa aphunzitsi, kukatunga madzi a kunyumba kwawo ndi kusenza nkhuni, zonsezo zikutchedwa ntchito yamanja. Ine ndemwe ndinakololapo mtedza wa mphunzitsi wanga ndili sitandade 6, osalawako n'kamodzi komwe. Khalidweli silinatheretu m'sukulu zina. Kwathu kuno ndi loletsedwa, ndipo mwana akatumidwa kumunda kapena kunyumba kwa mphunzitsi nthawi ya sukulu, tiuzeni.

Kusiyana kwake timakuyesa motere. Ntchito ya padimba ikhale yaifupi, yolingana ndi msinkhu, ikhale ndi chophunzirapo, ndipo phindu lake libwerere kwa anawo. Amaphunzira kuyeza mabedi, kufesa, kuwokera, kupanga manyowa a kompositi ndi mapesi ndi ndowe, ndi kuona kusiyana kwa mzere umene unathiridwa manyowa ndi umene sunathiridwe. Mpiru, chayinizi ndi tomato zikacha, ana okhaokha ndi amene amagulitsa, n'kulemba m'kope ndalama yolowa ndi yotuluka. Kopelo limawerengedwa paasembule kumapeto kwa teremu. Mipira iwiri imene tili nayo inachokera mumpiru.

Kusesa m'kalasi, kutola zinyalala ndi kuthirira maluwa ndi ntchito za aliyense wokhala pamalo. Koma kuumba njerwa, kukumba zimbudzi ndi kusenza mchenga ndi ntchito zachitukuko, za akuluakulu kudzera kwa mafumu.

Nthawi ya fodya ndimafuna mwana andithandize masana. Kodi angaleke kaye kalabu?

Tikudziwa mmene zimakhalira kuyambira Januwale mpaka fodya atapita ku Chinkhoma kapena ku Kanengo: manja amachepa, ntchito imachuluka. Kalabu si yokakamiza, ndipo kholo likabwera kudzatiuza timamva. Chimene timakana ndi chakuti mwana ajombe m'kalasi.

Komabe pa fodya penipenipo tili ndi pempho. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo ngakhale wopitirira pamenepo saloledwa kugwira ntchito yoika moyo wake pachiswe. Fodya wamuwisi, makamaka wonyowa ndi mame, amalowetsa chikonga kudzera pakhungu. Mwana amene wakhala akuthyola kapena kusoka fodya amabwera m'mawa akudandaula mutu, chizungulire ndi nseru, ena mpaka kusanza, makolo n'kumayesa malungo. Timawadziwa ndi manja akuda onata. Ngati mwana athandize, athandize zina zopepuka za pakhomo, m'chigafa ndi pamankhwala opopera musamuyandikitse.

Kalabu ya zisudzo imakonda kuchita sewero la nkhaniyi pa 16 Juni, tsiku la mwana wa mu Africa. Makolo amaseka kwambiri, ena akuyang'ana pansi.

Kalabu ya zachilengedwe imaphunzitsa ana kukonda njovu, pomwe njovuzo zikutidyera chimanga. Zimenezi n'zoona?

Bambo amene anafunsa funsoli anali atagona kumunda sabata yathunthu akuimba zitini, choncho sindinawayankhe mopepuka.

Nkhalango ya Kasungu ndi yachiwiri kukula m'Malawi muno, kuposa masikweya kilomita 2,300, ndipo inakhala paki mu 1970. Njovu zake zinatha kwambiri ndi opha nyama mozemba. Mu 2022 anabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo kuyambira pamenepo midzi yoyandikana ndi malire, kuno ndi kutsidya ku Zambia, yaona minda ikuonongeka ndiponso anthu ataya miyoyo. Ana athu amazidziwa zimenezi kuposa mabuku. Kukalabu sitiwauza kuti njovu ndi bwenzi. Timawaphunzitsa zowapulumutsa: osayandikira njovu kuti aione bwino, osaigenda, osadutsa pakati pa njovu ndi mwana wake, osalawirira m'bandakucha okhaokha kukamveka kuti zatuluka, ndi kukanena msanga kwa akuluakulu kuti adziwitse a zanyama. Timawauzanso chifukwa chake kudula waya wa mpanda n'kukatchera misampha ndi kudzitsekulira tokha tsoka. Makalabu oterewa m'dziko muno akhala akulimbikitsidwa kwa zaka zambiri ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, ndipo mwayi ukapezeka timatenga ana kukaona nyama ku Lifupa, mkati mwa pakiyo. Zimadabwitsa kuti mwana wobadwira m'mphepete mwa paki amaona mvuu koyamba paulendo wa sukulu.

Koma ntchito yaikulu ya kalabuyi ndi mitengo. Fodya wadya mitengo yambiri kuno, pa zigafa ndi pa nkhuni zowotchera. Ana amathira dothi m'machubu kuyambira teremu yoyamba, kufesa msangu, mthethe, mbawa ndi mitengo ya zipatso, n'kudzawoka mvula ikakhazikika, m'nyengo yodzala mitengo imene imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Kudzala n'kosavuta, ngakhale alendo olemekezeka amadzala ndi suti. Nkhondo ili pa chiswe, mbuzi ndi moto wolusa wa osaka mbewa. N'chifukwa chake mtengo uliwonse uli ndi mwini wake, ndipo amautchingira yekha ndi minga. Inu a mbuzi, tithandizeni nthawi ya tchuthi chachitali.

Kodi pasukulu pamavinidwa gule wamkulu? Mpingo wathu sulola.

Ayi. Kalabu ya magule imavina mganda, chimtali ndi magule ena a poyera, ndipo nthawi zina ingoma pamene tapeza wotiphunzitsa. Gule wamkulu ali ndi eni ake, ali ndi dambwe lake ndi malamulo ake, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Si chinthu choti mphunzitsi atolere ana n'kumayerekeza. M'kalasi timaphunzitsa zimene zili m'silabasi basi.

Ubale wathu ndi mafumu pankhaniyi ndi wabwino. Tinagwirizana kuti zinamwali zizichitika patchuthi, ndiponso kuti zilombo zisamadutse pasukulu nthawi ya maphunziro. M'midzi ina ya chigawo chapakati mafumu amatulutsa gule m'mawa kuti akuse ana ojomba kupita nawo kusukulu, ndipo ana amathamangadi.

Mwana amene chikhulupiriro cha kwawo sichilola kuvina kapena kuimba nyimbo zina sakakamizidwa ndipo salangidwa. Makalabu ndi ambiri.

Mwana wanga wamkazi akufuna mpira wamiyendo. Si wa anyamata umenewo?

Tabitha ndi Temwa Chawinga anayambira kumudzi ku Rumphi, kusewera ndi anyamata. Lero akusewera kunja, ndipo mu 2024 Temwa ndiye anagoletsa zigoli zambiri muligi ya amayi ya ku America. Mulekeni asewere. Wantchemberembaye uliponso, ndipo Mwai Kumwenda anafika nawo mpaka ku Australia.

Nkhawa yeniyeni ya makolo ambiri si mpirawo ayi, koma ulendo. Tikamapita kukasewera ndi sukulu zina za m'zoni yathu, atsikana amaperekezedwa ndi mphunzitsi wamkazi ndi mayi mmodzi wa gulu la amayi, ndipo timabwerako tsiku lomwelo. Kholo limadziwitsidwa pasadakhale. Chinanso, timu yathu imasewera ndi ana olembedwa m'kaundula okha. Takumanapo ndi matimu okhala ndi "ana" a ndevu zometa m'mawa womwewo, ndipo tinagonja, koma ife sitibwereka anyamata a kabaza.

Aang'ono amasewera zawo zomwe mumazidziwa: phada, fulaye, jingo, chipako ndi mpira wachikulunga.

Ku Edzi Toto amakambako zotani? Sakuwaphunzitsa zolaula?

Amakamba za kukula kwa thupi, ukhondo, mmene kachilombo ka HIV kamafalikira ndi mmene sikafalikira, kukana munthu wamkulu wonyengerera ndi ndalama, ndi kusasala mnzawo amene akumwa mankhwala. Zimakambidwa molingana ndi msinkhu. Nkhani za kumwezi atsikana amakambirana paokha ndi amayi a gulu lija, amenenso amawaphunzitsa kusoka mapadi ansalu ochapa.

Ana amauzidwanso za malamulo: kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, kotero ukwati wa mwana ndi mlandu, ndiponso kuti mtsikana amene anachembeza ali ndi ufulu wobwerera kusukulu, monga zakhalira chiyambire 1993. Kholo lofuna kudzamvera lokha ndi lolandiridwa. Mudzakhale kumbuyo, mudzamve.

Mwana wanga ndi waulumali. Ali ndi malo?

Ali nawo. Kwaya, mtsutso, bawo, ndakatulo ndi kuwerenga sizifuna miyendo, ndipo wosunga kope la ndalama za dimba amafunika mutu wokha. Mwana wa khungu lachialubino timamulola kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali nthawi zonse, zochita zake zimakhala pamthunzi, ndipo tsiku la kalabu sabwerera kunyumba yekha. Bwerani mudzatiuze zimene mwana wanu amatha, musangotiuza zimene satha.

A sitandade 8 nawonso amatsalira?

Teremu yoyamba inde. Ikayamba yachiwiri amatula maudindo kwa a sitandade 7 n'kuyang'ana za mayeso. Lachisanu lokha timawakakamiza kutuluka kukathamanga, chifukwa mutu wongokhalira mabuku umatentha ngati injini ya chigayo.

Ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndingathandizepo chiyani?

Zambiri zimene makalabu amafuna aphunzitsi sitizidziwa. Ku koleji ku Kasungu sanatiphunzitse kukunga ng'oma kapena kuluka lichero. Amene amaphunzitsa ana athu masitepe a mganda ndi agogo ena amene sadziwa kulemba dzina lawo, ndipo akafika pabwalo ana amakhala chete kuposa mmene amachitira ndi a hedi. Ngati mumadziwa kulumikiza mango, kuweta njuchi, kuluka mphasa, kusoka, kuumba mbaula zosatha nkhuni kapena kusimba nthano, bwerani Lachitatu lililonse mudzaonane nane. Mlendo aliyense amayamba wadziwika kwa a hedi ndi a komiti, ndipo sakhala ndi ana payekha popanda mphunzitsi.

Pakali pano chimene chikutisowa kwambiri ndi chikopa. Ng'oma yaikulu ya mganda inang'ambika teremu yatha, ndipo ana akuyeserera pa chigubu cha mafuta. Amene mukupha ng'ombe posachedwa, mutikumbukire.